Momwe mungakwezere kutsogolo kwa pikapu kuti matayala akuluakulu alowe

Imitsani Hilux, Ranger kapena D-Max yopanda katundu pamalo osalala bwino, mutalikire pang'ono n'kuiyang'ana cham'mbali. Muona kuti yaweramira kutsogolo, kumbuyo kwatukuka. Sikuti pali chawonongeka. Opanga anaisiya dala choncho kuti mukaisenzetsa katundu, masipuling'i akumbuyo akatsika, galimoto ingowongoka m'malo moloza kumwamba. Kusiyana kwake nthawi zambiri kumakhala mamilimita 25 mpaka 50, malinga ndi mtundu wa galimoto.

Wofuna matayala akuluakulu amayamba ndi kuchotsa kuweramako, chifukwa kutsogolo ndi kumene malo amachepa: tayala lakumeneko limakwera, limatsika, komanso limakhota. Amakaniko amaitcha ntchitoyi levelling, ndipo munthu wozolowera sipanala atha kuimaliza tsiku limodzi. Koma pali zinthu ziwiri zimene ogulitsa zipangizo sakonda kutchula.

Kukweza kutsogolo sikukweza difu yakumbuyo ngakhale ndi milimita imodzi. Difu, chibokosi cha magiya chotukuka pakati pa magudumu akumbuyo, imakhala pa ekiselo, ndipo chimene chimaitalikitsa ndi nthaka ndi msinkhu wa tayala basi. Ngati vuto lanu ndi kukwecha mimba pa mtumbira umene malole amasiya pakati pa msewu m'dzinja, monga zimachitikira panjira yochokera ku Rumphi kupita ku Nyika, chokuthandizani ndi tayala. Kukwezako ndi kongolipezera malo.

Chinacho n'chakuti mapikapu athu si okongoletsa pakhomo. Amanyamula feteleza, simenti, chimanga, ndi anthu opita kumaliro omwe. Mukailinganiza ndendende ili yopanda kanthu, tsiku lomwe mudzakweze matumba khumi a makilogalamu 50 idzakhalira kumbuyo, chiwongolero chidzapepuka, ndipo nyali zanu zidzathobwa m'maso aliyense wokumana naye pa M1. Ine ndimati kumbuyo kusiyeni kotukukabe ndi mamilimita 10 kapena 15, pokhapokha ngati kubodi kwanu simukwera kanthu chaka chonse.

Yambani ndi tepi yoyezera

Pezani pasimenti posalala. Thanki ikhale yodzaza, matayala akhale ndi mpweya wokwanira, ndipo zinthu zomwe zimakhala m'galimoto masiku onse, monga kanope kapena bokosi la zitsulo, zikhale momwemo. Yezani kuchokera pakatikati pa habu kufika pa mlomo wa madigadi, pa magudumu onse anayi, n'kulemba papepala. Musayeze kuchokera pansi, chifukwa mukadzasintha matayala muyeso umenewo sudzakuuzaninso kuti sasipenshoni yakwera bwanji. Kumanzere ndi kumanja kukasiyana ndi mamilimita ochepa musadabwe, zimachitika. Dziwaninso kuti madigadi yakutsogolo ndi yakumbuyo sanaidule mofanana, choncho bwerekani levulo ya amisiri omanga nyumba muiike pa mlomo wa bodi kuti muone kuwerama kwenikweni.

Mukatero kwezani kutsogolo muone ngati zitsulo zili moyo. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni: likamachita gwedegwede, ball joint kapena bearing yatha. Ligwireninso kumanja ndi kumanzere kuti mumve ma tie rod end. Suzumirani malabala otchinga ma CV joint, molumikizira mwa shafiti yozunguza gudumu lakutsogolo, muone ngati shock sikutuluka mafuta. Zonsezi mukonze kaye, chifukwa kukweza kumazipanikiza kuposa kale. Ndipo ngati kutsogolo kunatsika chifukwa munaikako bull bar yolemera kapena winch, kapena masipuling'i anangotopa ndi zaka, chofunika ndi masipuling'i atsopano. Kuika spacer, chitsulo chongowonjezera msinkhu, pamenepo n'kungobisa matenda.

Masamu a tayala

Apa musathamange, ndipo ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira. Tengani tayala lolembedwa 265/65R17, lomwe ma Hilux ambiri a zaka zino amabwera nalo. Nambala 265 ndi kutambalala kwake m'mamilimita, 65 ikutanthauza kuti khoma la tayala ndi 65 peresenti ya 265, ndipo 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Msinkhu wa tayala lonse mumaupeza potenga khoma kawiri n'kuwonjezera rimu, inchi imodzi kukhala mamilimita 25.4. Mukawerengetsa, 265/65R17 limakwana mamilimita 776, 265/70R17 limakwana 803, pomwe 285/70R17 limafika 831. Kwa a marimu a mainchesi 16, 245/75R16 ndi 774 ndipo 265/75R16 ndi 804.

Onani tsono. Kuchoka pa 776 kupita pa 803 tayala lakula ndi mamilimita 27, koma theka lokha ndilo lili pansi pa habu. Difu yakwera ndi mamilimita 13 okha. Ndi 285/70R17 imakwera ndi 27. Zikumveka zochepa, komabe m'matope mamilimita 13 aja pamodzi ndi mano okuya a tayala labwino amamveka ndithu. Kwa munthu amene galimoto yake ndi yopangira geni ndi kuperekera ana kusukulu, kukwera sitepe imodzi, kuchoka pa 65 kupita pa 70, n'kokwanira. Tayala la 285 ndi lalitali komanso lonenepa, ndipo kawirikawiri limafuna marimu ena ndi kudula pena ndi pena. Limamwetsanso mafuta ambiri, limafooketsa galimoto pokwera mtunda, ndipo mabuleki amagwira mochedwerako.

Tayala lalikulu limanamitsanso wotchi ya liwiro. Pamene kale mumathamanga 100, ndi 265/70R17 singano ikafika pomwepo mudzakhala pa 103, ndipo ndi 285/70R17 pa 107. Apolisi a kamera sadzamva zoti ndi tayala. Yerekezani ndi GPS ya pafoni kuti mudziwe pomwe singano yanu yaima. Makilomita nawonso azilembedwa ochepa kuposa omwe mwayenda, choncho musachedwetse kusintha oyilo podalira nambala ya pa dashibodi.

Pali manambala ena awiri oti muwaone musanapereke ndalama, makamaka ngati mukugula matayala a kaunjika. Ina ndi ya kulemera komwe tayala lingasenze, yolembedwa motsatira manambala a kukula kwake: 112 ikutanthauza makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi. Musatsike pansi pa nambala ya tayala lomwe linabwera ndi galimoto. Inayo ndi ya tsiku lopangidwa, manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limatha kuoneka la mano abwino koma labala wake atauma, ndipo kutentha kwa ku Chikwawa mu Okutobala sikulichitira chifundo.

Gulani asanu, osati anayi. Mapikapu ambiri alibe difu yapakati, ndiye mukalowetsa 4x4 tayala limodzi lili lalifupi, zitsulo zimakokana mpaka transfer case, bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, kudwala. Yesaninso ngati tayala lapadera latsopanolo likukwana pansi pa bodi.

Za marimu ndingonena pang'ono. Hilux, Ranger ndi D-Max za 4x4 zonse zili ndi mabowo asanu ndi limodzi pa muyeso wa 139.7, koma bowo lapakati n'losiyana: la Hilux ndi mamilimita 106, la D-Max 100, la Ranger 93. Rimu ya Ranger silowa pa habu ya Hilux, ngakhale wogulitsa alumbire. Navara D40 ndiyo ili payokha, pa 114.3. Marimu okankhira tayala kunja kwambiri amasangalatsa maso, koma ndi omwewo amachititsa kuti tayala lizigunda madigadi pokhota, ndiponso amadya ma bearing.

Suzumirani pansi: ndi strut kapena torsion bar?

Mukaona sipuling'i yozungulira itavala shock m'kati mwake, imeneyo ndi strut. Ili pa Hilux kuyambira 2005, pa Ranger kuyambira 2011, ndi pa D-Max kuyambira 2012. Mukaona chitsulo chachitali chochokera pa mkono wolumikiza gudumu ku chesisi kulowera kumbuyo, cha kunsi kwa mipando, ndi torsion bar, monga pa Nissan Hardbody ya 4x4, Isuzu KB yakale, Ranger ndi BT-50 zakale, ndi Hilux ya 4x4 ya zaka za 1998 mpaka 2004. Land Cruiser 79 ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo, ndipo nkhani yake ndi ina.

Ngati ndi torsion bar

Simugula kanthu. Chitsulocho chimagwira ntchito ya sipuling'i mwa kupotoka, ndipo kumapeto kwake kuli bauti lalitali losinthira msinkhu. Tsukani matope, muthire mafuta ofewetsa dzimbiri dzulo lake. Kwezani kutsogolo magudumu alendewere, chifukwa kumanga bautilo litasenza galimoto yonse kumapulula mazinga. Ikani chizindikiro ndi penti pomwe mwayambira, masulani nati yotsekera, ndipo mangani mukuwerenga kuti mwazungulitsa kangati, mofanana mbali zonse ziwiri. Tsitsani, yendetsani galimoto mamita angapo kutsogolo ndi kumbuyo kuti ikhazikike, yezaninso. Bwerezani mpaka mufike pomwe mukufuna.

Malire ake ali pa kalabala kamene kamaimitsa mkono gudumu likatsika. Mukamanga mpaka mkono kukhalira pa labala, gudumu lilibenso potsikira likakumana ndi dzenje, ndipo pamsewu wafumbi galimoto imadumpha mano kuchita kugundana. Siyani mpata woti chala n'kulowa. Mamilimita 25 mpaka 40 ndi okwana.

Ngati ndi strut

Njira zilipo ziwiri. Yotchipa ndi spacer, chitsulo chozungulira chomwe chimamangidwa pamwamba pa strut. Yodula, koma yabwino kwa woyenda m'misewu yoipa masiku onse, ndi kusintha sipuling'i ndi shock pamodzi, kuika zopangidwira msinkhu watsopanowo, monga za Old Man Emu, Ironman 4x4 kapena Bilstein, zomwe zimapezeka mosavuta ku South Africa.

Pogula spacer samalani ndi kusokonezeka kumodzi. Spacer yochindikala mamilimita 25 sikweza galimoto ndi mamilimita 25. Strut imamangidwa chapakati pa mkono wapansi, osati ku gudumu kwenikweni, ndiye zimakhala ngati chitseko: pafupi ndi mahinjesi chimayenda pang'ono, ku chogwirira chimayenda kwambiri. Spacer ya 25 imatha kukweza mamilimita 40 kapena kuposerapo. Funsani wogulitsa ngati nambala ya pabokosi ndi kuchindikala kwa chitsulo kapena ndi msinkhu umene galimoto ikwere.

Musapyole mamilimita 50. Kupitirira apo ma CV joint amagwira ntchito atapindika kwambiri, malabala ake amang'ambika, ndipo ball joint yapamwamba imafika pamapeto pake gudumu likatsika. Ofuna kukwera kuposa apo amasinthanso mikono yapamwamba ndi kutsitsako difu yakutsogolo, zomwe ndi ndalama zina. Ma spacer owotcherera ndi mapaipi kuseri kwa msika, kapena zidutswa za tayala zopanikiza pakati pa sipuling'i, ayi. Pamenepo ndi pomwe pakhalira kulemera konse kwa injini.

Zida zake: jeke, zoimikira zachitsulo ziwiri, masoketi, chitsulo chachitali chomasulira, sipanala ya torque, chochotsera ball joint, ma split pin atsopano ndi waya womangira. Njerwa si choimikira. Imaphwanyika mosachenjeza, inu muli pansi.

Kokani handibuleki, tchingani magudumu akumbuyo ndi mitengo, masulani pang'ono manati a magudumu akutsogolo galimoto ikadali pansi. Kwezani, ikani zoimikira pansi pa chesisi mbali zonse ziwiri, chotsani magudumu. Ndi bwino kukweza mbali zonse nthawi imodzi, chifukwa mukakweza imodzi yokha, stabiliser bar, chitsulo cholumikiza mbali ziwirizo, imalimbana nanu.

Masulani timabauti togwira paipi ya labala ya mabuleki ndi waya wa ABS kuti zisakokeke. Waya wa ABS ndi wosachedwa kuduka, ndipo ukaduka muyamba kusaka sensa m'mashopu a ku Biwi kapena ku Limbe. Chotsani link ya stabiliser bar. Ikani jeke pansi pa mkono wapansi kuti auchirikize, kenako chotsani split pin ndi kumasula nati ya ball joint yapamwamba. Natiyo musaichotse yonse mpaka ball joint itathothoka, kuti zitsulo zisakudumphireni. Ikamasuka, habu yonse imafuna kugwera kunja. Imangeni ndi waya ku chesisi. Mukaisiya igwe, imakoka shafiti mpaka CV joint yam'kati kusolotoka, ndipo ntchito ya tsiku limodzi imasanduka ya masiku awiri. Pa magalimoto ena mumafunika kumasulanso tie rod end kuti strut ipeze potulukira.

Tsopano pamwamba pa strut pali manati atatu kuzungulira ndi imodzi pakati. Masulani atatuwo. Yapakatiyo musaikhudze. Ndiyo yagwira sipuling'i yopanikizidwa ndi mphamvu yoti n'kuthyola nsagwada za munthu. Ngati mukusintha sipuling'i yeniyeniyo, tengani strut yonse mupite nayo ku galaja yomwe ili ndi makina opanikizira. Chotsani bauti lalikulu lapansi, tsitsani jeke pang'onopang'ono, solotsani strut. Ikani chizindikiro kuti iyi ndi yakumanja, iyi yakumanzere, chifukwa pa magalimoto ena masipuling'i awiriwa safanana.

Mangani spacer pa mabauti atatu a strut, motsatira pepala lomwe labwera nayo. Ma spacer ena amafuna kuti mabauti akale adulidweko nsonga kuti asatulukire, ndipo ambiri amachititsa kuti strut ibwerere itatembenuka, choncho onetsetsani kuti diso lapansi lalunjika pomwe bauti lilowere musanalimbane nayo. Pobwezera yambani ndi manati apamwamba, muwagwiritse ndi dzanja chabe. Strut yatalika tsopano, ndiye mnzanu apondereze mkono wapansi ndi chitsulo kuti bauti lapansi lilowe. Kwezani mkono ndi jeke, bwezerani ball joint, mangani pa torque yolembedwa m'buku la galimoto yanu, ikani split pin yatsopano. Msomali wopinda m'malo mwa split pin tisauone. Bwezerani link, paipi ya mabuleki ndi waya wa ABS, muone ngati sizikukokeka gudumu litalendewera ndipo chiwongolero chakhotetsedwa mpaka kumapeto.

Bauti lapansi la strut, ndi lina lililonse lodutsa mu bush ya labala, mulimangitse galimoto itatsika n'kuima pa matayala ake. Mukalimanga ili m'malere, labala amakhala wopotoka moyo wake wonse ndipo amang'ambika miyezi yochepa. Amakaniko ambiri othamangira galimoto yotsatira amadumpha apa, ndiye ngati mwapereka ntchito kwa wina, imani pomwepo muone.

Fufuzani pomwe tayala likukwecha

Kukweza kwasintha pomwe galimoto imaima, koma gudumu likagunda bampu limakwerabe m'kati mwa madigadi. Tayala lomwe likuoneka kuti lakwana galimoto itaima litha kukwecha likapanikizika. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto, yendani pang'onopang'ono kutsogolo, kenako livesi, mbali zonse ziwiri, mawindo ali otsegula. Phokoso lake ndi la khwee, khwee, ndipo limakonda kumveka pa livesi. Kenako kwezani gudumu limodzi pa chulu chaching'ono kapena m'mbali mwa ngalande, mukhotetse, mutsike mukaone. Pomwe pakukwecha pamaoneka: pulasitiki wakuda wafumbi amakhala ndi kachigamba kowala mbee.

Nthawi zambiri wolakwa ndi labala wotchinga matope kumbuyo kwa tayala, kapena pulasitiki wa m'kati mwa madigadi. Labalayo muduleko kapena mumuchotse, pulasitiki mumutenthetse ndi mpweya wotentha n'kumukankhira m'kati. Yang'ananinso mpata wa pakati pa khoma la tayala ndi mkono wapamwamba. Tayala likamagunda chitsulo chomwe bodi yakhalira pa chesisi, ganizani kawiri. Alipo amene amadula ndi kuwotcherera pamenepo, koma kwa ine chimenecho ndi chizindikiro choti tayala lakula mopyola.

Zotsala, zomwe ambiri amazinyalanyaza

Pitani ku alignment tsiku lomwelo kapena mawa lake, matayala atsopano ali kale pagalimoto. Kukweza kumasintha mapendekedwe ndi malunjikidwe a magudumu, zomwe amati camber, caster ndi toe, ndipo toe yolakwika imadya tayala latsopano mbali imodzi mwezi usanathe. Muuzeni woyezayo kuti mwakweza, ndipo mumupemphe awonjezere caster momwe zingathekere m'malire ake, chifukwa imakankhira gudumu kutsogolo pang'ono, kutali ndi pomwe limakwecha.

Nyali nazo zaloza kumwamba tsopano. Usiku imitsani galimoto mamita 10 kuchokera pakhoma, yezani msinkhu wa pakati pa nyali kuchokera pansi, mulembe msinkhu womwewo pakhoma ndi choko. Mukayatsa nyali za dimu, mzere wapamwamba wa kuwala ukhale masentimita 10 kapena 12 pansi pa chokocho. Zosinthira zili kuseri kwa nyali. Poyeza COF nyali amaziyang'ana, ndiye mukhala mwachotseratu vuto limodzi.

Mukayenda makilomita 100 bwerezani kumanga manati a magudumu, ndipo pa makilomita 500 mukwawirenso pansi ndi sipanala kuona mabauti onse omwe munakhudza. Poteropo suzumirani m'kati mwa rimu: mukaona girisi wakuda atamwazikamo, labala wa CV joint wang'ambika, ndipo msintheni mchenga usanalowe. Masiku oyamba chepetsani liwiro pamakona mpaka muizolowere, chifukwa galimoto yokwera imapendama kuposa kale, makamaka ikasenza katundu wautali. A inshuwalansi auzeni molemba kuti mwasintha sasipenshoni ndi matayala, ndipo ngati galimoto ikadali pa warranty, funsani kwa ogulitsa musanamasule nati yoyamba.

Musananyamuke ulendo wautali, yesani pakhomo jeke amene anabwera ndi galimoto. Chesisi yatalikira ndi nthaka, ndipo jekeyo atha kufika pamapeto tayala lisanachoke pansi. Akaperewera, dulani thabwa lochindikala loti azikhalapo, muzilisunga kuseri kwa mpando pamodzi ndi sipanala ya magudumu.